Mbiri ya Dokotala Bunruean ndi Kachidutswa Kawo ka Phula

Malemu Dokotala Bunruean Phanthong anabadwa pa 9 Malichi 1951 kuno ku Roi Et. Anali oyamba mwa ana asanu, ndipo ine Sawat, mlongo wawo amene ndikuwerenga mbiriyi, ndine chitsiriziro. Amonke olemekezeka ndi inu nonse, mundikhululukire ndikaseka penapake. Mtima ukundiwawa kwambiri, koma achemwali angawa ngovuta kuwalira osaseka.

Sukulu anayambira pakachisi pompano mu 1958. Ali ndi zaka khumi anatumbula achule onse amene mayi athu anagwira kumunda wa mpunga, ati aone zam'kati. Atamaliza, panalibenso choti n'kuphika, ndipo tsikulo tinadyera tsabola yekha.

Mu 1976 anamaliza maphunziro a udokotala ku Bangkok. Mu 1979 anakwatiwa ndi a Thawat, okonza mapampu a madzi, munthu wodekha amene mukumuona pafupi ndi bokosiyo.

Mu 1988 anayamba kafukufuku wa thaimasi, kachiwalo kobisala kuseri kwa fupa la pachifuwa. Ankatiuza kuti m'menemo ndimo chitetezo cha thupi chimaphunzirira kusiyanitsa mdani ndi mwini thupi, ndipo chikaphunzira molakwika chimaukira mwiniwakeyo. Iwo ankasakasaka puloteni yokulitsa mitsempha ndi timalo timene imatera m'kachiwaloko, poganiza kuti pali chimene chimasokonekera pamenepo. Nkhaniyi anatifotokozera paukwati uliwonse ndi pamaliro aliwonse. Ano ndi maliro oyamba amene akhala chete.

Mu 2007 matenda omwe ankafufuzawo anawagwira iwo eni. Zikope zinayamba kugwa, manja kufooka, ndipo madokotala anzawo anawachotsa thaimasi. Wina akanalira. Iwo atangotsitsimuka, mawu awo oyamba sanali ofunsa amuna awo kapena ana. Anati, "Thaimasi yanga ili kuti? Wina asayerekeze kuitaya!" Anaiumitsa m'kachidutswa ka phula monga amachitira kuntchito kwawo, n'kumadulako tizigawo topyapyala toyang'ana pa maikulosikopu. Ankati wodwala wosathawa amupeza tsopano.

Chaka chino, mphamvu zitayamba kutha, m'nyumba munabuka mkangano. A Thawat ankafuna kuti phulalo lidzalowe m'bokosi, lidzapse pamodzi ndi thupi, monga mwa mwambo wathu wootcha maliro. Ankati, "Amayi a Suda, munthu amapita ndi zake zonse. Mukufuna mukabadwenso ndi chiboo pachifuwa?" Malemu ankayankha kuti, "Inu bambo, chitsulo choti chingakonze pampu ya wina mumachikwirira?" Wophunzira wawo, Dokotala Nipaporn, anali atatsala pang'ono kumaliza ntchito ya malemu ya zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo popanda phulalo sakanaimaliza. Pamapeto pake malemu anagonja, zomwe zinatidabwitsa tonse chifukwa sanagonjepo chibadwire. Anaitanitsa kachidutswako, analembapo dzina lawo ndi dzanja lawo, n'kupereka kwa amuna awo.

Anatisiya pa 3 Novembala 2024. A Thawat anakulunga phulalo m'nsalu yoyera n'kuliika pachifuwa pawo, ndipo amonke aliimbira mapemphero masiku atatu.

Dzulo m'mawa Dokotala Nipaporn anabwera, anagwada n'kupereka kalata kwa a Thawat. Inali ya malemu, ndipo ndiloleni ndiiwerenge. "Bambo a Suda, kamene mwaika m'bokosiko ndi ka thaimasi ya khoswe woyera wakuntchito. Kanga kali ndi Nipaporn, akufunika zaka zina ziwiri. Musamukalipire, ndinamuopseza ndine. Khosweyo musamuchotse, anagwira ntchito kuposa anthu ena amene adzalankhule pamaliro anga."

Tonse tinayang'ana a Thawat. Akanangonena mawu amodzi, phula lenileni likanabwera ndipo lero likanalowa m'ng'anjo. Iwo anaipinda kalatayo. Kenaka anapukuta misozi nati, "Zaka makumi anayi ndi zisanu mkazi ameneyu sanabwereko kunyumba yense, mbali ina inkatsalira kuntchito. Ndiye lero ndidabwe chiyani? Kasiye konko, mwanawe. Koma ukamaliza udzandibweretsere, ndidzapita nako ndine."

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, Suda ndi Anan, zidzukulu zitatu, ndi kachidutswa kawo kenikeni ka phula kamene Lolemba kakupitiriza ntchito. Tikuthokoza amonke, anamwino amene anapirira kulangizidwa ndi wodwala wawo, amayi amene aphika masiku onsewa, ndi inu nonse amene mwabwera kudzatipepesa.

Achemwali, pitani mukapumule mumtendere pamodzi ndi mnzanu wapaulendoyo. Chotsalacho alamu adzabwera nacho.