Botolo la Mvula la a Tiyese Kaye

Malemu amene tawazungulirawa anabadwa pa 9 Malichi 1959, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo, mayi awo ankasoka zovala. Mbiri ino alemba ndi akazi awo a malemu, ndi dzanja lawo, ndipo awauza alamu awo amene akuwerengawa kuti asadumphe mzere ngakhale umodzi. A kuntchito anabweretsa ina dzulo, yotayipa bwino, yonena kuti malemu anali mzati komanso nyali. Mayi amasiyewa ayibweza. Malemu sanali mzati. Anali munthu wotsuka mabotolo, ndipo ankawatsuka bwino.

Anayamba sukulu mu 1966. Ku sekondale anaphunzira zaka ziwiri zokha, chifukwa maso a bambo awo anayamba kuchita mdima ndipo panafunika wina wogwira tizitsulo ta mawotchi. Pakhonde pomwepo anatengera khalidwe losakhulupirira chinthu asanachitsegule kumbuyo. Ukawauza kuti mkaka wasasa, ankati tiyese kaye. Ukawauza kuti wailesi yafa, tiyese kaye. Dzinalo linawakakamira, moti ena muno mwamva lero kuti anali ndi lina.

Mu 1981 analembedwa ntchito yothandiza m'chipinda cha sayansi pasukulu ya sekondale. Ankasunga makiyi, kutsuka timabotolo ndi kusamala maikulosikopu imodzi imene ana 60 ankaimira pamzere. Chipindacho chinali ndi mpopi wosatuluka madzi, tebulo lopserera pakona ndi mawindo omata ndi penti. Madzi ankatunga okha pa ndowa. Aphunzitsi ankabwera n'kumapita, iwo anakhalamo zaka 38. Ena mwabwera pa magalimoto akuluakulu inu, amene anakugwirani mutu kuti muone tizilombo m'dontho la madzi ndi awa agona apawa.

Pa 3 Ogasiti 1985 anamanga banja ndi mayi, amene ankachapa zovala za ana ogonera pasukulu pomwepo. Mayi sukulu analekera kalasi yachisanu, ndipo sabisa. Malemu atawafunsira, thukuta lili kamukamu, mayi anayankha kuti tiyese kaye. Kuyesako kwatha Lachiwiri lapitali, patatha zaka 39.

Mu Januwale 1990 madzi osefukira analowa m'nyumba zonse za mumsewu mwawo, kunyowetsa matiresi ndi makope a ana. Malemu anapita ku ofesi ya zanyengo kukafunsa kuti yagwa mvula yochuluka bwanji. Anawauza kuti choyezera chili kutali, tsidya lina la tauni, ndipo kumeneko sikunagwe. Anabwerera osadya. Anatenga botolo, kumatapo rula, kuikapo fanulo, n'kulimangirira pachitsulo kuseri kwa nyumba, patali ndi denga. Kuyambira pamenepo, 6 koloko m'mawa uliwonse ankawerama, diso kulingana ndi madzi, n'kulemba m'kope lachikuto cholimba. Kukakhala kuti sikunagwe ankalembabe. Ankati ziro nayenso ndi nambala, mayi a ana.

Mayi botololo ankadana nalo, asaname pamaso pa maliro. Linalanda malo abwino oyanika. Mu Julayi 1993 anayanika bulangeti lonyowa pachitsulo chija, madzi n'kudonthera m'fanulo. M'mawa mwake malemu anapeza mamilimita 40 kunja kuli fumbi lokhalokha. Anazungulira nyumba, anakwera padenga, anafunsa aneba, masiku atatu akudya ngati wodwala. Mayi chisoni chinawagwira, anaulula. Malemu sanakalipe, ndipo nambalayo sanaifufute. Analemba pambali pake kuti: bulangeti la mayi. Kenako anati chilango chanu n'chakuti muphunzire kuwerenga botolo. Kuyambira chaka chimenecho, Lamlungu lililonse ndi tsiku lililonse limene malemu anachoka, dzanja la m'makopemo ndi la mayi.

Mu 2009 kunabwera bwana wina wa ku yunivesite. Anamwa tiyi, anayamikira, anabwereka makope kwa milungu iwiri. Anabweza patatha miyezi isanu ndi iwiri, limodzi lili ndi chidindo cha kapu. Manambalawo anatuluka m'buku la bwanayo, ndipo ndi amene anagwiritsa ntchito pomanga ngalande ya mumsewu mwawo. Dzina la malemu munalibe. Munangolembedwa kuti zochokera kwa anthu a m'deralo. Anthu ati? Mayi anavala nsapato kuti apite komweko. Malemu anaima pakhomo, anati ngalande yamangidwa, madzi salowanso m'nyumba za anthu, vulani nsapato. Anavula, koma sanakhululuke. Bwanayo alipo pano, wabwera ndi nkhata yaikulu kuposa zonse. Mayi samutchula dzina, monga iyenso sanatchule la malemu.

Anapuma pantchito mu 2019. Mu 2021 boma linabweretsa bilu yothandiza sayansi: kuti sukulu iliyonse ikhale ndi chipinda cha sayansi chenicheni, kuti ofufuza azithandizidwa, ndiponso kuti pakhale kaundula wa ofufuza kuti ntchito yawo isamabedwe. Malemu anaiwerenga katatu, magalasi ali pamphuno. Anasangalala ngati mwana mpaka anafika pamzere wonena kuti wofufuza ndi munthu amene ali ndi digiri.

Tsiku limene aphungu ankamva maganizo a anthu, malemu anavala jekete la paukwati, makope onse m'chikwama cha paulendo, mayi atagwira chogwirira chinacho. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko, kenako anapatsidwa mphindi zitatu. Anathokoza chifukwa cha mipopi imene idzatuluke madzi. Kenako anati mvula ikamagwera m'botolo sifunsa kuti mwini wake anafika kalasi yanji. Holo inaseka, ena moseka munthu. Phungu wina wamkazi anapempha kope limodzi, n'kutsegula pamene panagwera dzanja. Anawerenga mokweza za bulangeti la mayi. Mayi anafuna pansi patang'ambika. Koma phunguyo anati munthu wolemba ndi cholakwa chomwe osachifufuta, ameneyo ndiye wofufuza. Lamulo linadutsa mu 2023, mzere uja utasinthidwa: aliyense amene wasunga bwino zoyeza zake kwa zaka zisanu angathe kulembetsa, ndipo wogwiritsa ntchito manambala ake ayenera kumutchula dzina. Tsiku limenelo malemu anavina pabwalo, anthu oti sanavine ndi paukwati wawo womwe.

Mu Febuluwale 2024 anakapereka fomu yolembetsera ku ofesi ya kaundula. Ulendo woyamba anati chithunzi kumbuyo kwake sikoyera. Wachiwiri, wosayina ali kumsonkhano. Wachitatu, fayilo yasowa. Wachinayi anabwerera akutsokomola. Lamulo ndi labwino, mayi sakutsutsa. Koma lamulo lilibe miyendo, limayenda ndi ya anthu, ndipo anthu ake miyendo anaisanjika patebulo.

Chifuwa chinakula mu Juni. Mayi ali ndi maganizo awo pa za mawindo omata ndi penti aja, koma sanena chimene sanayese. Pa 4 Disembala anagonekedwa m'chipatala. Masiku 41, mayi akangolowa ndi fulasiki, funso loyamba silinali la ana kapena zidzukulu. Ankangoti yagwa zingati? Mayi ankatchula, iwo n'kufunsa ngati anawerama bwino. Tsiku lina mayi anakwiya, anati mwina mukanakwatira botololo. Malemu anawagwira dzanja, anati botolo silikanandichapira jekete. Anatisiya Lachiwiri pa 14 Januwale 2025, m'mawa, atamva kaye nambala ya tsikulo.

Lachitatu, maliro ali m'nyumba, inafika kalata ya ku ofesi ya kaundula ija. Akuti malemu akaonekere okha pamaso pa komiti. Amene analemba kalatayo ngati ali pano, ayandikire, malemu ndi awa. Dzulonso akuluakulu ena anawakokera mayi pambali, kupempha makope 35 aja kuti akawasunge pamalo oyenera. Yankho limveke pano, anthu onse akumva. Makope sachoka panyumba. Anachokapo kamodzi. Wofuna kuwerenga abwere, asambe m'manja, akhale patebulo, ndipo asanalembe nambala yoyamba alembe kaye dzina la mwini wake. Komanso Lolemba mayi akupita okha ku ofesiko ndi fomu yatsopano ya mayina awiri. Lamulo likuti zaka zisanu, dzanja lawo lili m'makopemo zaka 31. Zithunzi ajambulitsa zitatu, kumbuyo koyera, kofiira ndi kobiriwira. Musankhe nokha. Wosayina akakhala ali kumsonkhano, mayi amadziwa kudikira pabenchi.

Malemu asiya mayi, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi alongo awo awiri. Banja likuthokoza anamwino a m'wodi ya abambo, makamaka uja wamfupi amene ankawatsegulira windo kuti amve fungo la mvula. Likuthokoza aneba owotcherera zitsulo, amene anadzutsa chitsulo cha botolo kawiri osadandaula, ndi phungu uja, amene watumiza uthenga wa mizere iwiri yokha koma dzina la malemu walilemba bwino. Nonse amene mwagona pano, mwatunga madzi, mwaimba, zikomo kwambiri.

Lero 6 koloko, nyumba ili yodzaza ndi olira, mayi anatulukira khomo la kuseri. Anawerama, diso kulingana ndi madzi, monga anawaphunzitsira. Analemba, ndipo pambali anawonjezera kuti: tsiku loperekeza bambo. Kope silinadumphe tsiku.

A Tiyese Kaye, yagwa seveni. Mayi anawerama bwino. Gonani, botolo lili ndi mwini. Mzimu wanu uuse mumtendere.