Suti Yomwe a Tabweretsa Sadzaimasula

Anamfedwa, akuluakulu a mpingo ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa, imvani mbiri ya malemu, atelala athu, amene tonse tinkawadziwa ndi dzina loti a Tabweretsa. Anabadwa m'chaka cha 1957, mwana wachisamba m'banja la ana asanu, m'nyumba yomweyi imene maliro atulukira lero.

Sukulu analekezera ku pulayimale bambo awo atamwalira. Amalume awo anawatenga kukawaphunzitsa kusoka, ndipo posakhalitsa zinaoneka kuti mphatso yawo inali pa choko ndi sizasi. Ankangomuyang'ana munthu m'mapewa, n'kumudulira jekete yomukhala ngati anabadwa nayo.

Anakwatira mu 1983, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. Patapita zaka zochepa anatsegula shopu yawoyawo: chipinda chimodzi, makina anayi, ndi tebulo lalikulu lodulirapo pafupi ndi windo.

Tisanamizane pamaliro, abale. Malemu ankatha chilichonse kuposa tonsefe, kaya kupinda, kusita, kuika mabatani, ngakhale kusesa kumene. Vuto linagona pomwepo. Wantchito akangoti wagwira singano, iwo amvekere, "Tabweretsa!" n'kumulanda, ndipo dzina lija linachokera pamenepo. Msoko wa munthu wina ankaumasula wonse n'kuyambiranso. Ulusi ankakagula okha. Unkapeza osoka angokhala manja lende, abwana ali kalikiliki pa simbi, nsalu za masuti zili mulu patebulo kudikira sizasi yomwe palibe wina ankatha kuigwira. Makasitomala anatopa ndi kuuzidwa kuti abwere mawa, ndipo amisiri abwino anachoka mmodzimmodzi.

Kutchalitchi anatumikira mokhulupirika ngati mkulu wa mpingo. Achinyamata akayala mabenchi, iwo ankabwera m'mbuyo kudzawawongola.

Amene sanachoke ndi mwana wawo woyamba, amake mapasa. Zaka ndi zaka ankawachonderera ababa awo kuti zopinda ndi zosita asiyire ena, iwo azingodula, ndiponso awaphunzitse kudula. Yankho linali limodzi, lakuti nthawi palibe. Amake mapasa ankadziwa kuti tsiku limene ababa adzaike sizasi pansi, chitseko cha shopu chidzatsekedwa, ndipo zinkawadya mumtima.

Chaka chatha malemu anadwala sitiroko, imene inapha mwendo ndi dzanja lamanzere. Makina sakanathanso kupalasa, simbi sakanainyamula. Ana anawakhazika pampando patebulo lija, n'kuwapatsa choko. Iwo kujambula, amake mapasa kudula, ena kusoka. Abale inu, m'miyezi imeneyo masuti anatuluka kuposa kale lonse, ndipo makasitomala anayamba kubwerera. Malemu analira, n'kuuza mayi a kunyumba kuti ntchito yawo yeniyeni aidziwa madzi atafika kale m'khosi.

Anayamba kuphunzitsa mwaphuma. Thalauza anamaliza, msana wa jekete ndi kolala anaphunzitsanso. Mikono, yomwe ndiyo imavuta kwambiri, sanaifike. Matenda anakula, ndipo Lachiwiri lapitali anatisiya ali kuchipatala.

Patebulo panatsala nsalu yotuwa, choko chitalekezera m'mapewa. Inali suti yawo, yoyamba kudzijambulira, pakuti moyo wawo wonse anaveka anthu koma ya iwo eni analibe nthawi yoisoka. Amake mapasa anatenga sizasi n'kudula mikonoyo popanda wofunsa. Mkono wamanzere watalikirapo, ndipo phewa limodzi lakwinyika. Pokawaveka, anaima nayo sutiyo kanthawi pambali pa ababa awo, kudikira mawu aja amene anawapweteka kuyambira ali mtsikana. Sanamveke. Sutiyo ndiyo avala m'bokosimu, ndipo ndi ntchito yoyamba ya mwana wawo imene sadzaimasula.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono mmodzi ndi alongo awiri. Asiyanso antchito atatu amene sakudziwa ngati Lolemba apeza chitseko chotsegula, ndi mwana amene watsala ndi sizasi, wopanda womuuza pamene walakwitsa.

A Tabweretsa agwira ntchito ya anthu asanu, ndipo atopa. Apumule mu mtendere.