Mullo Yoir Natanov, Amene Adakana Kujambulidwa

Malemu amene tawaperekeza kuno ndi Mullo Yoir Natanov, Mullo kutanthauza mphunzitsi wa chipembedzo, mwana woyamba wa bambo Pinkhos ndi mayi Burkho. Adabadwa m'chaka cha 1938 m'dera lathu la Ayuda muno mu Samarkand. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Gavriel, mng'ono wao. Ambiri simundidziwa, poti ndakhala kunja zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi. Ana aamuna a malemu adandiimbira lamya Lachisanu bambo awo atangotisiya, ndipo sadayambe n'kundipepesa ayi. Adayamba n'kundikumbutsa kuti ndisaiwale chithunzi cha bambo awo, akufuna kuchizokota pamwala wa manda. Yankho sindidawapatse pa lamya. Alimva pano, anthu ali phee.

Achimwene adabadwa pa tsiku lachisanu ndi chiwiri la mwezi wa Adara, tsiku limene makolo athu amati Mose adabadwa ndiponso kumwalira. Amayi a m'dera adabwera kudzaona khandalo nkumanena kuti ameneyu adzatsogolera anthu. Tsoka lake n'lakuti khandalo litakula lidazimva, nkukhulupirira.

Adaphunzira sukulu ya boma la chikomyunizimu mpaka kalasi yachisanu ndi chiwiri. M'mawa aphunzitsi ankawauza kuti Mulungu kulibe, masana bambo athu, manja ali bii ndi utoto wonyikira nsalu, ankawatsekera m'chipinda chosungira makala nkuwaphunzitsa malembo a Chilamulo. Pofika zaka khumi ndi zitatu n'kuti mabuku asanu a Mose ali onse m'mutu. Buku lina lililonse sadalitsegulenso moyo wao wonse. Ine ndinkawerenga chilichonse chimene ndatola, ndipo iwo ankati mutu wanga ndi dzala. Anali achibwibwi. Akamaimba Chilamulo mawu ankangoyenda ngati madzi a m'ngalande, koma akaima pamaso pa kalaliki wa boma lilime linkauma. Kwa zaka zambiri wowalankhulira m'maofesi ndinali ine. Lero ndikuwalankhuliranso, ngakhale sadandipemphe.

M'chaka cha 1961 adakwatira mayi Zilpo, mkazi wofatsa amene adapirira zambiri osadandaula kwa munthu. Mulungu adawapatsa ana atatu, Borukh, Ilyo ndi Mazol. Alamu anga adatsogola mu 2004, ali apo pafupi ndi mpanda.

Ntchito yao inali yosoka nsapato m'kachisakasa pachipata cha msika. Adasankha ntchitoyi chifukwa pa Sabata ankatha kutseka osapempha chilolezo kwa kapitao. Analinso ozinga nkhuku ndi nkhosa za anthu athu, ndipo mpeni wao ankauyesa pachikhadabo nthawi yaitali mpaka mwini nkhuku kutopa. Nsapato yosokedwa ndi iwo sinkamasuka. Zimenezo ndiye ndingachitire umboni.

Adakhala mtsogoleri wa sunagoge wathu kuyambira 1972. Pano ndinene zoona zokhazokha. Adachita mdulidwe wa ana aamuna ambiri mobisa m'masiku amene munthu ukadamangidwa nazo, ndipo ena mwaima panonu mudadutsa m'manja mwao. Adasunga mipukutu ya Chilamulo pamene ena ankaopa n'kuiyang'ana komwe. Koma mbiri ya Mose adaiwerenga theka. Adadziwa bwino Mose wophwanya magome amiyala, Mose wokalipa. Mose amene adabwerera kuphiri kukapepesera anthu omwewo olakwawo, uyo sadamuonepo. Bambo wina amene adasiya mwendo ku nkhondo adabwera kudzapemphera pa Sabata atakwera basi, zimene mwambo wathu umaletsa pa tsikulo, ndipo achimwene adamubweza pakhomo, nkumuuza kuti Chilamulo sichinena za miyendo, chimanena za Sabata. Munthu uja sadapondenso m'sunagoge mpaka imfa yake. Onse tinalipo, ndipo tonse tidangoyang'ana pansi.

Ine ntchito yanga inali yojambula zithunzi. Tayang'anani miyala yakuda yatizungulirayi, nkhope za abambo ovala zipewa ndi amayi a mano agolide. Zambiri mwa nkhopezo adazokota kuchokera pa zithunzi zanga. Mwambo umenewu tidatengera kwa Arasha, ndipo achimwene ankadana nawo ngati nyama ya nkhumba. Ankati manda a Ayuda asanduka nyumba ya mafano, ndipo akalowa muno ankayenda maso ali pansi. Ine ankanditcha Aroni wosula ng'ombe. Ndikawapatsa moni pamsika, ankandifunsa kuti lero ndasula ana a ng'ombe angati. Iwo eni sankalola kujambulidwa. Chithunzi cha pachiphaso chao adachita kukakamizidwa ndi boma, ndipo chidindo chidatera pamphuno penipeni, moti wosema miyala sangapezepo nkhope.

Mu 1984, pa ukwati wa Mazol, achimwene adaseka. Sindidziwa chimene alamu anga adawanong'oneza, koma adaseka mpaka chipewa kupendekeka. Ine ndinali kuseri kwa mpesa ndi kamera, ndipo ndidajambula. Kulakwa kwanga kudali kokachiika pawindo la malo anga ojambulira kuti anthu aone kuti Mullo Yoir alinso ndi mano. Adabwera ndi nyundo yokhomera nsapato, adaswa galasi, adang'amba chithunzicho, filimu yake nkuiponya m'mbaula. Ndiye adanditembenukira, chibwibwi osamveka n'pang'ono pomwe, nkunena kuti, "Kuyambira lero, mng'ono ndilibe." Sadandilankhulenso. Chimene sadadziwe n'chakuti ndidatsuka zithunzi ziwiri.

Njira zotulukira m'dziko muno zitatseguka cha m'ma 1990, achimwene ndiwo adalimbikitsa anthu kuti anyamuke apite ku dziko la malonjezo. Banja lililonse ankaliperekeza ku siteshoni, kulisanjika manja, ena kuwasenzetsa mipukutu. Ana awo aamuna omwe adawakweza sitima okha. Iwo adakana kupita. Akafunsidwa ankati wotulutsa anthu salowa nawo, ndiponso akufa ali munowa sangasiyidwe opanda wowapempherera. Anthu ankati ndi kudzichepetsa. Ine ndimati adapeza njira yofanana ndi Mose mpaka kumapeto, ndipo idawakomera. Tsiku limene ine ndinkanyamuka, ku siteshoni sadabwere. Ndidakathera ku New York, kuyendetsa takisi, dziko limene palibe adalonjezedwa. Ndidawalembera makalata kwa zaka khumi. Mazol akuti bambo ake ankawaika pansi pa mwendo wa tebulo limene linkagwedera.

Dzulo ndidapita kukaona nyumba imene tidabadwira. Mtengo wa mabulosi adadula, pabwalo pamene amayi ankaphikira mpunga wa masamba wa pa Sabata pali mipando ya alendo odzaona malo, ndipo mtsikana wa pakhomo adandifunsa ngati ndikufuna chipinda. Lero kuti tikwane amuna khumi opempherera maliro tachita kugogoda m'makomo, m'dera limene kale sunagoge ankadzaza mpaka anthu kuima mumsewu. Amene mudakwera sitima, musalire mokweza kwambiri. Mudawasiya okha, ngati mmene ndidawasiyira ine.

Malemu adadwala matenda a shuga kwa zaka zisanu ndi chimodzi, maso adachita khungu, ndipo chaka chatha mbali imodzi ya thupi idafa ziwalo. Wowasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza anali Mazol, mothandizidwa ndi mayi Gulchehra, Msilamu woyandikana nawo nyumba, amene achimwene sadalolepo kulawa chakudya chake. Borukh ndi Ilyo adabwerako kawiri, mafoni ali m'manja, ndipo zithunzi zonse zimene adajambula ndi za nkhongo ndi nsalu yopempherera, chifukwa bambo awo ankatembenukira kukhoma. Adamwalira Lachisanu masana ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu chimodzi. Adasiya mawu kwa Mazol akuti pamwala pakhale dzina lokha, poti ngakhale manda a Mose palibe akudziwa pamene ali.

Borukh, mwana wanga, mawu amenewa udawamva. Koma m'mawa uno wandikokera pambali nkundiuza kuti, "Bambo aang'ono, aliyense muno ali ndi nkhope pamwala. Athu okha aoneke ngati adalibe ana?" Mwalawo waitanitsa kale, wakuda, wautali kuposa wa aliyense. Ukufuna munthu amene adathera moyo wake kudana ndi mafano aime muno ali fano lalikulu kuposa onse, akuseka, kuti obwera kudzaona manda azinena kuti ana ake adachita bwino ku Amereka.

Chithunzicho ndidabwera nacho. Ndachisunga zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo ndi pokhapo pamene mkulu wanga ankandiyang'ana osakwiya. Ndikadafuna kubwezera, ndikadakupatsa, ndipo m'ndege ndidaganizadi zotero. Koma m'mawa uno, pamene amating'amba malaya pachifuwa monga mwa mwambo wa olira, ndidachitulutsa m'thumba nkuching'ambanso, tizidutswatizidutswa, Mazol akuona. Wosema miyala umuuze anole chitsulo chake cha malembo okha. Sindidachite zimenezi chifukwa choti ndawakhululukira. Pa nkhani imodzi yokhayi, iwo ndiwo ankanena zoona.

Malemu asiya ana aamuna awiri, Borukh wa ku New York ndi Ilyo wa ku Israyeli, mwana wamkazi mmodzi, Mazol, amene yekha ali ndi ufulu wolira pano, zidzukulu zisanu ndi zinayi, zidzukulutudzi zinayi zimene sizidawaonepo, ndi ine mng'ono wao.

Apumule mu mtendere, umene ifeyo adatimana ali moyo.