Mpando wa m'bwato

Omvera anzanga, nkhaniyi imandiwawabe mpaka lero. M'zaka za chipani chimodzi zija, ku sekondale ina ku Nsanje, aphunzitsi athu a ukalipentala ankajambula mpando pa bolodi, ife n'kumangokopera. Wosintha mzere ngakhale umodzi ankalawa chikwapu. Pokopera, ine palibe ankandiposa.

Nditayamba kupala matabwa ku Bangula, kunabwera msodzi atabereka mwana wake wamkazi wopuwala miyendo. Ankafuna mpando wokwana m'bwato, kuti mwanayo aziwoloka Shire popita kusukulu.

"Bweretsani chithunzi cha mpandowo, bambo," ndinatero.

"Chithunzi chanji, amisiri? Mwanayo si uyu?"

Ndinagwira pensulo, koma m'mutu munalibe kanthu. Msodzi uja anabwerera chimanjamanja, ndipo mwanayo sukulu anasiya.

Inu aphunzitsi, lekani kumangokopetsa ana. Mpando wa mwana uja sunali pa bolodi.