Nkhuku Yolipira Mlandu wa Mawa

M'zaka zija Federeshoni itangoyamba, msewu waukulu uno ukadali wafumbi, ife tinali titasamuka kwathu ku Chipata, ndipo eni nthaka, Asoli, anatipatsa malo olima tsidya lino la mtsinje wa Chongwe. Ine ndinali mayi wa mwana mmodzi, Tisa, wachiwiri ali m'njira. Pitirizani kuswa nshawazo, ana inu, nkhani imamveka ndi makutu, manja asaime.

Lero munthu akadwala mumaimba foni, galimoto n'kubwera ngakhale mochedwa, koma nthawi imeneyo wodwala ankapita ku mishoni ya Kasisi pa ngolo, ndipo mvula ikakhazikika ngolo inkatitimira m'dambo, ng'ombe n'kukana mtsinje. Ndiye amuna a midzi yathu anapangana kuyambitsa gulu lothandiza achipatala, lopanda malipiro, lonyamula odwala pa machila. Masisitere anapereka chinsalu cholimba, mitengo anadula okha, ndipo popeza ena mwa iwo anali atamenya nkhondo ku Bama, anati gululo liyende mwa chisilikali, ndi maudindo ake.

Ine gululo ndinkaliyang'ana ndi maso awiri. Pobadwa Tisa ndinatsala pang'ono kupita, ndipo Sisitere anandigwira dzanja nandiuza kuti mwana wotsatira ndikabereke ku mishoni, osati kumudzi. Mwezi wanga unkagwera mu Januwale, mvula ili pakati. Kupita msanga kukadikira kumeneko sikukanatheka, pakuti munda akanapalira ndani, ndipo Tisa akanamusunga ndani? Njira yanga inali machila basi.

Mwamuna wanga, Yohane Tembo, anabwera kunkhondo ali Sajeni, wa mizere itatu pamkono. Panalinso Ba Shamatanga, Msoli wamfupi wa lilime lakuthwa, amene anali Kopolo, wa mizere iwiri. Mizere yatsopano ndinawasokera ndine, ya nsalu ya thumba la ufa. Mpaka apo zonse zinali bwino. Vuto linalowa pamene atate anga, aMbewe, anati nawonso alowa gulu. Panalibe wowakaniza, chifukwa mapewa awo anali ngati a ng'ombe yapagoli, ndipo powolokera pa Chongwe ankapadziwa ngati khomo la nyumba yawo.

Tsono inu a lero mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu, kuwatumiza ngakhale mchere, koma kale mkamwini sankatchula dzina la apongozi, sankawayang'ana m'maso, ndipo polankhula nawo ankanjuta chapatali, chipewa chili m'manja. Bambo a Tisa tinkakhala nawo pamudzi pa atate, ndipo mwambo umenewu ankausunga kuposa Lamulungu.

Loweruka loyamba anasonkhana pabwalo la sukulu kuti aphunzire kunyamula, thumba la chimanga likuimira wodwala. Bambo a Tisa anafuula kwa anyamata, mawu ake kumveka mpaka kudambo, lefuti, laiti, ndipo ife akazi tinkatsinana kuti eya, mwamuna uyu nkhondo anaionadi. Koma itafika nthawi ya atate kugwira mtengo wakutsogolo, ndinaona Sajeni uja akuvula chipewa, mawondo akupinda okha, mpaka ananjuta m'fumbi.

"Ngati atate angakonde," anatero motsitsa mawu, "mwina tingatembenukireko kumanzere."

"Zikomo, tamva," anayankha atate, "titembenuka."

Ndipo anayamba kaye kukonza mtengo paphewa, mosafulumira, monga munthu wolemekezedwa. A kumbuyo anali atatembenuka kale. Machila anapotoka, thumba linagwa pansi n'kuphulika, nkhuku za aphunzitsi n'kuthamangira chimanga. Akazi anzanga anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke, chifukwa thumba limenelo ndinali ine.

Kuyambira tsiku limenelo machila sananyamulidwenso, Loweruka lililonse linkathera m'makani.

"Sajeni wonjuta sininamuonepo, ngakhale ku Bama," ankatero Ba Shamatanga. "Nipaseni ine gulu. Nilibe apongozi pano, ningakalipire aliyense."

A kwathu kum'mawa anakana, ati mizere iwiri singalamule itatu, mbuzi sitsogolera ng'ombe kudibi. Asoli anati ndiye mizere itatuyo iimirire, isamakwawe. Atatopa ndi zimenezo analowa za katchulidwe. Asoli ankafuna kuti azimuitana Ba Sajeni, athu ankati aSajeni, ndipo mkulu wina wa mpingo anati kuli bwino kungoti Bwana.

"Bwana ni mzungu wa nyenyezi paphewa," anatero bambo a Tisa, akulankhula ndi nthaka chifukwa atate anali pomwepo. "Kunkhondo Sajeni ni Sajeni chabe, ndipo iye aitana msilikali ndi dzina, popanda ba, popanda a."

"Ndiye kuti aziniitana Mbewe, monga aitana galu wake?" anafunsa atate. "Pamudzi panga, pamaso pa adzukulu?"

Wina wofuna mtendere anati atate apatsidwe udindo wa Sajeni Meja, akhale pamwamba pa mkamwini wawo, aziimirira pambali ndi ndodo, anyamata akunyamula.

"Meja wa nkhondo iti?" anafunsa Ba Shamatanga. "Ya anyani a m'munda?"

Atate anaimirira, nkhope itada. Anati mizere yobwereka saifuna, ndipo ndodo adzagwira akadzakalamba. Wina atanong'ona kuti ndiye angopuma m'gulumo, anatembenuka namuyang'ana.

"Mwana wanga azinyamulidwa ndi ana a eni, ine nili pakhonde nikoka fodya? Ameneyo ni Mbewe wina."

Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma ife tinali nawo atatu, aliyense ndi chifukwa chake chomveka. Asoli anasiya kubwera. Chinsalu chija anachikulunga n'kuchipachika kudenga la nyumba yathu, makoswe n'kuyamba kuchilawa m'mbali. Mvula yoyamba inagwa, tinabzala, yachiwiri inagwa, ndipo ine popita kumadzi ndinkaona Chongwe akukwera pa miyala, mimba nayo ikukwera.

Tsiku lina tikupalira ndinawafunsa bambo a Tisa kuti kodi chingachitike n'chiyani atangowakalipira atate kamodzi.

"Amake Tisa, umenewo ni mlandu."

"Mlandu wa chiyani? Wa ng'ombe?"

"Wa nkhuku. Koma manyazi ake."

Ndinapitiriza kupalira. Sukulu ine ndinalekera pa kulemba dzina, koma maso ndinali nawo. Ndinali nditaonapo mlamu wanga, mwamuna wa mkulu wanga, atatchula dzina la atate ali chiledzerere, ndipo m'mawa mwake anapereka nkhuku, atate anaidya mpaka kuphwanya mafupa, nkhani n'kuthera pomwepo, manyazi n'kupita ndi nthenga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ana inu, ndipo m'mimba munali mwanga.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'mapemphero, amuna anakhala pansi pa mkuyu kuti agwirizane zobweza chinsalu ku mishoni. Akazi sitinkalowa pabwalo la amuna. Ine ndinagwira thadzi langa lamawangamawanga, lomwe linali litayamba kuikira, ndinalipana m'khwapa, n'kukagwada pakati pawo. Kugwada kwake kunali kwa ntchito ndi mimba imeneyo, ndipo onse anadikira kuti ndifike pansi.

"Ba Shamatanga, nipelekeleni mau kwa atate. Nabwera kulipira mlandu."

"Wapalamula ndani, mayo?" anafunsa, kunditchula mayi mwa chikwawo.

"Mkamwini wawo."

Atate anafunsa kuti wachita chiyani.

"Akalibe kuchita. Adzachita Loweruka. Adzawatchula dzina, adzawakalipira pamaso pa anthu, ndipo sadzanjuta. Nkhuku yake ni iyi."

"Iwe mwana," anatero atate, "mlandu salipira usanabadwe."

"Nanga matewera, atate, timasoka mwana atabadwa?"

Ba Shamatanga ndiye anayamba kuseka, akumenya chipewa pabondo, ndipo ena anatsatira. Atate sanaseke. Anatambasula manja, ndinawapatsa nkhuku, anaipima kulemera kwake, anaipapasa pachifuwa monga munthu wogula pamsika.

"Nkhuku imodzi," anatero, "ikwanira kukalipa kangati?"

"Ba Mbewe, mukayamba kuwerenga mau, khola la mwana wanu lizatha tisanafike kudambo," anatero Ba Shamatanga.

Apa ndiye makani anasanduka okoma, a anthu ofuna kugwirizana. Anamanga kuti nkhuku imodzi ndi ya ulendo umodzi. Mtengo ukangokwera paphewa, palibe mpongozi, palibe mkamwini, palibe ba kapena a, pali Sajeni, Kopolo ndi maina a anthu. Mtengo ukatsika pansi, aliyense abwerere pa ulemu wake. Kenaka anyamata awiri anaulula kuti nawonso anali ndi amalume ndi apongozi m'gulumo, ndipo ankangonamizira chifuwa kuti asafuule. Anagwirizana kuti nkhuku izichokera kubanja la wodwala, ilipire milandu yonse pamodzi, ndipo onyamula aziidyera pamodzi pobwerera. Nthutumba inakhala ya atate, monga olakwiridwa.

"Nanga Kopolo adya chiyani?" anafunsa Ba Shamatanga.

"Mapazi," anatero atate. "Ali awiri, monga mizere yanu."

Loweruka limenelo Asoli onse anabwera. Koma musaganize kuti mwambo umachoka m'mawondo tsiku limodzi. Bambo a Tisa ankafuula kwa gulu lonse bwinobwino, thumba silinagwenso, koma ndinaona kuti dzina la atate ankalizungulira monga munthu azungulira chitsa. Nkhuku yanga inadyedwa mlandu wake usanapalamulidwe, ndipo ine ndinangosunga zimenezo mumtima.

Tsiku langa linafika m'mawa, mvula itagwa masiku angapo osakata. Amayi atangoona nkhope yanga anatuma mthenga, ndipo dzuwa lisanakwere amuna anali pakhomo ndi machila. Ba Shamatanga ankathamanga m'mbali kusintha onyamula, matope mpaka m'mawondo, akuwatukwana mwa Chisoli kuti asagone. M'dambo tinadutsa bwino. Titafika pa Chongwe, madzi anali ofiira, akunyamula zinyalala ndi nthambi, ndipo atate anatenga mtengo wakutsogolo chifukwa ndiwo ankadziwa pamene pali mwala ndi pamene pali dzenje. Bambo a Tisa anagwira kumbuyo.

Madzi anafika m'chiuno, kenaka pachifuwa. Tili pakati penipeni ululu unandigwira, ndipo ngakhale ndinaluma chitenje, ndinabuula. Atate anamva. Anaima, n'kuyamba kutembenuka kuti aone mwana wawo, ndipo potembenuka phewa linatsika, machila anapendekeka, madzi ozizira anandilowa kumsana. Ndinagwira mtengo ndi manja awiri. Kumbuyo kunali zii, ndipo ndinati mumtima, mwamuna uyu anjuta m'madzi, tonse tipita.

"Mbewe! Maso kutsogolo. Kweza mtengo pamutu, yenda!"

Mawu amenewo mbalame zinauluka nawo m'mabango. Atate anawongoka ngati mnyamata, mtengo unakwera pamutu.

"Inde, Sajeni."

Ndipo anayenda, osacheukanso, Sajeni akuwawerengera mapazi, akuwakalipira akachedwa, Mbewe uku, Mbewe uko, mpaka tinatulukira tsidya lija. Ine pamachila ndinkalira ndi kuseka nthawi imodzi, moti Ba Shamatanga anaganiza kuti mutu wasokonezeka.

Mwana anabadwa dzuwa litapendeka, ndipo anabwera chamiyendo. Sisitere anati kumudzi sitikanapulumuka tonse awiri. Ameneyo ndi Limbikani, agogo ake a uyu wakhala apayu, amene lero mumawaona akuyenda ndi ndodo ngati sanawolokepo mtsinje ali m'mimba.

Zakunja anandiuza amayi, amene anatiperekeza. Ati mitengo itangogunda pansi pakhonde la chipatala, Sajeni uja anavula chipewa, anapita kuseri kwa mtengo wa mango, nanjuta, akuwomba m'manja chapansipansi. Atate anakhala pamwala akufinya malaya awo, osamuyang'ana.

"Kopolo," anatero, "kauzeni mkamwini wanga kuti mau ali nawo. Ndipo nkhuku ya lero ikhale tambala, pakuti kukalipa kwake anawonjeza."

Gulu lija linanyamula anthu zaka zambiri, Asoli ndi a kum'mawa paphewa limodzi, mpaka milatho ndi magalimoto zinabwera, ndipo ana amene anawoloka Chongwe pa chinsalu chimenecho ena ndi aphunzitsi ku Chalimbana, ena ndi agogo ngati ine. Atate ndi mkamwini wawo sanadyerepo mbale imodzi kunyumba mpaka imfa, koma nkhuku ya machila ankaidya atakhala moyandikana.

Tsono ndimamva kuti inunso m'magulu anu othandiza kuchipatala mumatha miyezi mukukangana kuti wapampando ndani, wachiwiri ndani, ndipo aitanidwe bwanji. Kanganani, si zoipa, munthu aliyense amafuna dzina lake ligwidwe bwino, ndipo amene akukana kanthu nthawi zambiri ali ndi chifukwa chimene akuchita nacho manyazi kunena. Chifunefuneni chifukwacho mofatsa, muone ngati chili ndi mtengo wake, ndipo ngati ulipo lipirani msanga mitambo isanade. Koma pokangana muzisiyako munthu mmodzi woyang'ana kumtsinje, chifukwa pali wina amene sali pa msonkhano wanuwo, wakhala pakhomo pake akuwerenga miyezi.