Tsiku Limene Mlaga Unabwera Kwanga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ine ndine Nangozo. Kwathu ndi ku Kapelula.

Kumeneko ndinali ndi nyumba yanga. Njerwa tinaotcha tokha ndi malemu amuna anga, malata tinagula chaka chimene fodya anatikomera. Iwo atamwalira, abale awo anati nyumba ndi yawo. Ndinanyamula mphasa ndi beseni, ulendo wa pa Boma kukagulitsa tomato.

Ndinapeza chipinda cha lendi pa mdadada, kuseri kwa msika. Chipupa chong'aluka, abale anga, ukakhala m'kati umaona nkhuku zikudutsa panja. Malata obooka, opsinja ndi miyala. Nditadandaula, eni nyumba anati, "Ngati simukufuna tulukani, mayi. Ena akudikira."

Pa mdadada anthu amabwera, amapita. Dzina langa palibe analidziwa. Ankangoti "a chitseko chachitatu".

Tsono mukudziwa mwambo wathu, mapemphero a mlaga amayenda khomo ndi khomo. Anzanga ankatilandira m'nyumba zawozawo, za simenti, zamipando. Itakwana nthawi yanga ndinanama. Ndinati ndikupita kumudzi. Kachiwiri ndinanamanso. Kachitatu ndinangosiya kubwera, ngakhale kutchalitchi. Manyazi, abale. Lamulungu ndinkadzitsekera, nyimbo zanu ndikuzimvera patali.

Kenako malungo anandigwetsa. Masiku anayi ndili gone. Palibe anagogoda. Palibe! Ndinati, Ambuye, ndikafera muno adzadziwa ndi fungo.

Tsiku lachisanu masana ndinamva, "Odi kuno!" Anali Mayi Nyirenda, mtsogoleri wa mlaga wathu, ndi amayi ena asanu. Anati, "Kumudzi kwanu kuja n'kuno? Lero tapezako."

Anakhala pamphasa, nayamba nyimbo. Pomwepo mvula inagwa. Madzi tho, tho, tho, pa Baibulo la Mayi Nyirenda. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Koma iwo sanasiye kuimba. Mayi Nyirenda anangokankha beseni langa ndi phazi, n'kuliika pomwe pankadonthapo, osayang'ana n'komwe kumwamba. Nyimbo itatha anawerenga mabowo ndi chala.

"Atatu okhawa mwatithawira? Ine nyumba mukuisirirayo ndalowa chaka chatha. Zaka zonsezi ndinali pa lendi, mabowo khumi, ana ndinkawafunditsa mapepala a feteleza. Mwana wa mayi, denga limadontha, silichotsa munthu mumpingo."

Ndinalira. Kenako ndinaseka, koyamba chichokereni ku Kapelula. Anandiphikira phala, mawa lake n'kupita nane kuchipatala.

Lero sindikunamizani kuti ndamanga. Ndidakali pa lendi, chitseko chachitatu chomwecho. Abambo a mlaga anadzamata mabowo awiri ndi phula, lachitatu lakana. Koma oyandikana nawo tsopano amanditchula Nangozo, chifukwa anamva mukundiitana pakhomo. Ndithokoza Mulungu amene anandifunafuna ine nditabisala.

Sabata ino mlaga uli kwanga. Bwerani nonse. Beseni lilipo, ndipo kumudzi sindipita. Ameni.