Ndinapempha Mulungu Atseke Malire

Moni abale ndi alongo nonse amene mumawerenga zolemba zanga. Ine ndine Amake Tisa wa ku Chelstone mu likulu la dziko lathu la Zambia, mayi wamasiye, ndipo ndimagulitsa pa kamsika ka m'dera lathu. Lero ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinatsala pang'ono kutaya tebulo langa chifukwa cha anyezi wochokera ku Tanzania. Ondidziwa adzakuuzani kuti ine sindikhulupirira munthu msanga. Ngakhale kondakitala wa minibasi akandipatsa moni waulemu, ndimayamba ndagwira chikwama. Choncho ndikanena kuti Mulungu anandipulumutsa, dziwani kuti nkhaniyi ndaitembenuza mbali zonse.

Tebulo limenelo ndilo linandilerera ana bambo awo atatisiya. Anyezi ankachokera kwa mlongo wanga Yohane, amene amalima kumudzi ku Katete. Pakona ndinkaikapo kabeseni ka nshawa, zimene ena amati mtedza, zongoti odutsa agule kotafuna, ndipo sindinkaziyesa malonda enieni. Amayi olemera a ku Woodlands ankaimika galimoto n'kundiitana dzina, ine n'kumadziona ngati munthu.

Kenako malole anayamba kutsika kuchokera ku Nakonde, kumalire athu ndi Tanzania, atadzaza anyezi wofiira, wouma bwino, wotsika mtengo. Wa Yohane anali wamadzi, ndipo mvula ikayamba ankamera ndi kuola ali m'thumba. Pa wailesi anthu ophunzira ankati malire akatseguka, misonkho n'kuchepa, katundu amatsika mtengo ndipo osauka amapuma. Ankati dziko lililonse lizigulitsa chimene limachita bwino, lizigula chimene anzake amachita bwino. Ine ndinkayankha wailesiyo mokweza ndili ndekha m'nyumba. Ndinkaifunsa kuti osauka akewo ndi ati, popeza wosauka amene ndimamudziwa bwino ndine, ndipo sindikupuma.

Kuti zinthu ziipireipire, tebulo loyang'anizana ndi langa linatengedwa ndi mayi wina wa ku Mbeya ku Tanzania, dzina lake Mama Lusajo. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo anyezi wake ankamuunjika mpaka kubisa nkhope yake. Tsiku lina ndinaona mnzanga wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, Amake Dalitso, akuchoka pa tebulo limenelo atabisa kanthu m'chitenje. Ndinamuitana, iye n'kubwera akukoka miyendo.

"Osanikwiyila, Amake Tisa," anatero. "Ndalama yamene nigulila umozi kuli imwe, kuja nipeza utatu. Bana ku nyumba nabo bafuna ndiyo yonunkhila."

Zinandipweteka kwambiri, makamaka chifukwa sankanama. Nanenso ndikanakhala wogula ndikanachita chimodzimodzi, koma tsiku limenelo sindinafune kumva zoona.

Pa msika pathu pali lamulo limene tonse tinagwirizana kalekale: tebulo likakhala lopanda katundu nthawi yaitali, komiti imalipereka kwa wina, chifukwa odikira malo ndi ambiri. Ine ndinali nditauza Yohane kuti asiye kutumiza anyezi woti ndizikataya kudzala. Pa tebulo panatsala kabeseni ka nshawa kokha, ndipo matabwa ankaoneka onse. Amayi apampando a komiti anadzandinong'oneza mwaulemu.

"Sitifuna kukuchosani, amai, koma bantu pa laini ni bambili. Mwezi ukasila tebulo ikali so, tizapasa wina."

Abale, ndinaopa. Pa msinkhu wanga palibe ofesi imene ingandilembe ntchito, ndipo kutaya tebulo kunali kulongedza katundu kubwerera ku Katete kukakhala mtolo wa Yohane, amenenso anali atagwa nane limodzi. Ndinayamba kusala kudya ndi kupemphera, ndipo pemphero langa linali limodzi lokha. Ndinkati, Ambuye, tsekani malire a ku Nakonde, malole awo abwerere kwawo. Sindinkapempha mobisa ayi, ndinkatchula ndi dzina la malowo kuti kumwamba kusasokonezeke.

M'masiku omwewo Mama Lusajo anayamba khalidwe limene linandisowetsa mtendere. M'mawa uliwonse ankawoloka kubwera pa tebulo langa n'kugula kamulu kamodzi ka nshawa. Sankadya monga adyera anthu. Ankatenga njere imodzi, kuiswa pakati ndi chikhadabo, kuyang'ana m'kati, kununkhiza, kuluma pang'ono, zotsalazo n'kumanga pa kansalu. Inu amene munagulitsapo pamsika mukudziwa chimene ndinaganiza. Ndinati mayiyu watenga makasitomala anga, tsopano akutenga katundu wanga kupita naye kwa sing'anga kuti andimalize. Ndalama yake sindinkaisakaniza ndi zina. M'kachitini kanga ka ndalama ndinaikamo kakhala, kachidutswa ka makala, monga amachitira amalonda ambiri poopa ndalama yokoka zinzake. Ndine mkhristu, inde, koma kakhalako ndinaikamo, ndipo abusa akawerenga izi tidzakambirana.

Mwezi uli pafupi kutha, mayiyo anabweranso, koma ulendo uno sanagule. Anakhala pa benchi langa osapemphedwa, n'kumasula kansalu kaja. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma ndinamva zonse.

"Mama, motoka ibwela na anyezi, ibwelela ilibe kantu, koma mafuta ni yamene yaja. Izi nshawa zanu nazipima masiku yonse. Ni zikulu, zouma, zilibe chuku. Kwathu bazifuna maningi. Muli nazo za matumba?"

Ndinamuuza kuti ndiyambe ndaganiza. Mtima wanga unkati uwu ndi msampha: atenga matumba, awoloka malire, ndipo ine ndidzamusaka kuti m'dziko limene sindidziwa ngakhale moni wake? Komabe madzulo ndinaimbira Yohane. Iye anandiuza kuti nshawa zadzaza nyumba, ogula oyendayenda akutchula mitengo yachipongwe, ndipo anansi ake nawonso asunga zawo. Zinthu zimene ndinkaziika pakona ngati zoseweretsa ndizo zinali kufunidwa kutsidya kwa malire amene ndinkapempha kuti atsekedwe.

Ndinavomera, koma mwa njira yanga. Ndinati sikelo ikhale yanga, amayi apampando akhalepo ngati mboni, ndipo thumba lisakwere lole ndalama isanafike m'manja mwanga. Ndinkayembekezera kuti akana, ndipo ndinali nditakonzeka kunena kuti ndinadziwa kale. Iye anangogwedeza mutu movomereza, n'kuwonjezera lake lamulo, loti thumba lililonse alikhuthula pansi aone ngati pansi pake mulibe miyala kapena zoola. Ndinakwiya pang'ono kuti akundiyesa wakuba, kenako ndinakumbukira zimene ine ndinkamuyesa.

Matumba atafika kuchokera ku Katete, tinagwira ntchito tsiku lonse ngati anthu awiri osakhulupirirana, iye akukhuthula, ine ndikuyang'anitsitsa singano ya sikelo. Zonse zitatha anatsegula kachikwama kake ka m'chiuno kuti andilipire. Potulutsa ndalama, kanthu kakuda kanagwera pa tebulo n'kugubuduka mpaka pa dzanja langa. Kanali kakhala. Tinayang'anana. Ine ndinatsegula kachitini kanga n'kumuonetsa kanga. Amayi apampando anaseka mpaka kukhala pansi pa thumba. Mama Lusajo anandiuza kuti nayenso ankandiopa, chifukwa ndinkamuyang'ana ndi diso loipa uku milomo ikugwedera. Milomo imeneyo inali pemphero langa lija la malire.

Tebulo langa silinaperekedwe kwa wina. Lero lili ndi nshawa zambiri, ndipo lole ikamabwerera kumpoto imanyamula matumba a Yohane ndi a anansi ake. Nayenso anyezi ndinayambanso kugulitsa, yemweyo wofiira wa ku Tanzania, amene ndimapikula kwa Mama Lusajo. Amake Dalitso amagula kwa ine tsopano, ndipo sabisanso kanthu m'chitenje.

Musaganize kuti ndasanduka mlaliki wa anthu a pa wailesi aja. Iwo amanena za mayiko, ine ndimadziwa za matebulo. Mnzanga wina amene ankagulitsa anyezi pafupi nane analibe mlongo wolima nshawa, ndipo anasiya msika n'kupita kukakhala kwa mwana wake ku Kabwata. Dimba la anyezi la Yohane linamera udzu. Pamene akuti osauka amapuma, pali ena amene amayamba alira, ndipo si onse amene amafika pa kupumako. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti msewu umene unabweretsa vuto langa ndi womwewo umene unanyamula chipulumutso changa. Mpaka lero ndimayeza thumba lililonse la anyezi wake, iyenso amakhuthula lililonse la nshawa zanga, ndipo sitinayambanepo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kulira kwanga koma sanatsate malangizo anga. Inu amene tebulo lanu likuoneka matabwa, kaya ndi ntchito yatha, kaya ndi malonda agwa, musaleke kupemphera, ndipo musachoke pamalo panu tsiku lisanakwane. Chenjerani ndi anthu monga ndichitira ine, koma akakhala pa benchi lanu, amvereni kaye. Malire aja akanatsekedwa monga ndinapemphera, lero bwenzi ndili ku Katete, nditakhala pa matumba a nshawa opanda wogula.